Bela yakale pa thirakitala ya MF 165: zimene ndaona patatha nyengo ziwiri za udzu

Bela imeneyi inafika pakhomo pano mu Febuluwale chaka chatha, itakwezedwa pa lole kuchokera ku South Africa kudzera pachipata cha Mwanza. Ndikati bela ndikunena makina aja otola udzu wouma m'munda n'kuukulunga kukhala belo lozungulira ngati ng'oma yaikulu. Yanga ndi ya ku Germany, ya zaka za m'ma 1980, ya chipinda chosasintha kukula chozunguliridwa ndi marola achitsulo, ndipo imatulutsa belo la mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 1.2 m'mimba mwake. Imamanga ndi chingwe. Choikoka ndi Massey Ferguson 165 imene bambo anandisiyira, ya injini ya Perkins ya masilinda anayi, hosipawa pafupifupi 60. Mathirakitala a mtundu umenewu anasiya kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndiye zaka zake mutha kuwerenga nokha.

Nditangomanga mabelo oyamba, anzanga a m'gulu lathu la alimi a mkaka anabwera kudzaona, ndipo ndinawauza mokondwa kuti funso ndi limodzi lokha, ngati injini ili ndi mphamvu, poti yanga yakoka ndiye nkhani yatha. Mawu amenewo ndikuwabweza. Ndamanga udzu wa Rhodes nyengo ziwiri tsopano, pa mahekitala asanu ndi limodzi kuno kuchigwa cha Lilongwe, ndipo injini ndiyo yandivutitsa pang'ono kuposa zonse. Zimene zinandidyera nthawi ndi ndalama ndi klatchi, haidroliki, shafuti yotengera mphamvu ya thirakitala ku bela ndi munda weniweniwo.

Za injiniyo ndi izi. Bela ya marola imayamba mopepuka, chifukwa udzu umangogubuduzika momasuka m'chipindamo. Ntchito yeniyeni imabwera kumapeto, chipinda chitadzaza, pamene udzu watsopano uyenera kupanikiza wakale. Pamenepo Perkins imasintha mawu, utsi umada, ndipo ngati mzere wa udzu uli wokhuthala umatsitsa giya. Sindimatsitsa liwiro la injini, chifukwa PTO, chitsulo chozungulira chakumbuyo kwa thirakitala chimene chimayendetsa bela, iyenera kukhalabe pa maulendo 540 pa mphindi. Ndi udzu wouma bwino pamalo athyathyathya, 165 imakwanitsa popanda kudandaula. Chimene ndinaphunzira msanga n'chakuti fumbi ndi tizidutswa ta udzu zimatseka radiyeta, ndipo pofika masana singano ya kutentha imakhala itakwera. Masiku ano timaima kawiri patsiku kupukuta sefa yakutsogolo ndi burashi.

Klatchi ndiyo nkhani yaikulu, ndipo aliyense wofuna kumangirira bela ku thirakitala yakale ayambire pamenepa. Belo likadzaza umaimitsa matayala koma marola ayenera kuzungulirabe kuti chingwe chikulunge belo. Thirakitala imene PTO yake imaima ukangoponda klatchi siyenera ntchito imeneyi ngakhale ikhale ndi mphamvu zotani. MF 165 yanga ili ndi klatchi ya magawo awiri: ukaponda theka matayala amaima koma PTO ikuyendabe, ukaponda mpaka pansi zonse zimaima. Zimenezi zimatheka, koma taganizani kuti belo limodzi limafuna chiyani. Uime, uchotse giya, udikire chingwe, ubwerere m'mbuyo pang'ono, utsegule chitseko, upite patsogolo, utseke, uyambenso. Tsiku lomanga mabelo 40 phazi lakumanzere limaponda kangapo pa belo lililonse, ndipo madzulo bondo limachita kuwotcha.

Mnyamata amene amandiyendetsera anazolowera kugwira klatchi pa theka nthawi yonse imene chingwe chikukulunga, m'malo moika giya pa nyutulo n'kuchotsa phazi. Ine sindinazione msanga. Pofika mu Meyi beringi ya klatchi inayamba kulira, ndipo tinachita kuigawa pakati thirakitala. Amakanika atatulutsa mbale ya klatchi anaiika m'manja mwanga. Inali yopyapyala, misomali yake itayamba kale kukanda chitsulo. Iwo anati, "Akulu, iyi inatha kalekale, belayi yangoimalizitsa. Pulawo imakupondetsani klatchi kumapeto kwa mzere kokha, koma iyi ikukupondetsani tsiku lonse." Tinaika yatsopano, tinakonza mpata wa gawo lachiwiri kuti PTO izilowa osakukuta mano, ndipo chaka chino sinativutenso. Ndikanadziwa ndikanaisintha bela isanafike, osati pakati pa nyengo udzu uli gonegone m'munda.

Haidroliki ya 165 inapangidwira kunyamula pulawo kumbuyo, osati kutumiza oyilo kunja. Pampu yake ili m'kati mwa giyabokosi, imatulutsa oyilo wochepa, ndipo imayenda limodzi ndi PTO, kutanthauza kuti ukaponda klatchi mpaka pansi nayonso imaima. Bela yanga imafuna njira ziwiri: ina ya mapaipi awiri yotsegula ndi kutseka chitseko chakumbuyo, ina ya paipi imodzi yokweza mano otolera udzu. Thirakitala inali ndi potulukira pamodzi pokha pa ngolo yodzitsitsa. Tinaika valavu yopatutsira oyilo pansi pa mpando ndi ina ya zogwirira ziwiri pambali, ndipo mitu ya mapaipi tinasintha yonse chifukwa ya bela ndi ya thirakitala sizinkalumikizana. Chitseko chimatseguka pang'onopang'ono, ndipo pamenepo palibe chochita koma kudikira. Ndinachitanso mwayi kuti amakanika anaumirira kukhetsa oyilo wakale amene anali m'masilinda a bela tisanalumikize. Anatuluka wotuwa ngati phala la mgaiwa, wosakanikira ndi madzi, ndipo akanalowa mu giyabokosi, chifukwa pa thirakitala imeneyi oyilo wa haidroliki ndi wa magiya ndi mmodzi.

Vuto lina la haidroliki linadzaonekera mochedwa. Mabelo a kumapeto kwa nyengo yoyamba anayamba kutuluka ofewa, ukawakankha ndi bondo ankabonyoka. Ndinkaganiza kuti injini yafooka. Zoona zake zinali zakuti marabala a m'masilinda a chitseko ankadontha m'kati, ndiye chipinda chikadzaza chitseko chinkayasama pang'ono, mpata wolowa chala, ndipo singano yoonetsa kupanikizika sinkafika pamene iyenera. Marabala atsopano anapezeka ku Kanengo, ndipo belo linabwerera kulimba kwake. Wogula bela yakale aone pamenepa asanalipire.

Shafuti inabwera yaitali kuposa mpata wa pakati pa 165 ndi bela. Ikakhala yaitali, pokhota kapena podutsa pa kadzenje imafika pamapeto n'kukankha PTO ya thirakitala m'kati, ndipo kuwonongeka kwake n'kwa ndalama zambiri. Tinaidula mbali zonse ziwiri mofanana, tikuonetsetsa kuti machubu akulowanabe mokwanira pamene yatambasuka kwambiri. Chotchingira chake cha pulasitiki chinali chosweka, ndipo ndinakana kuyamba ntchito mpaka china chitapezeka. Kuno kumunda kumabwera amayi ovala zitenje kudzatola udzu wotsalira, kumabweranso ana, ndipo shafuti yozungulira maulendo 540 pa mphindi ikagwira nsalu simasiya. Lamulo lina limene sindisekerera nalo ndi la udzu ukatsekeka pakamwa pa bela. PTO ichotsedwe, injini izimitsidwe, kiyi akhale m'thumba, kenako ndiye manja apite kumeneko. Bawuti yodzitetezera ya pa shafuti, imene imaduka dala makina akakakamira, ndimayenda nazo zingapo m'bokosi, za mlingo wake weniweni. Mnzanga wina anandilangiza kuika yolimba kuti isamaduke, ndipo ndinakana, chifukwa ikapanda kuduka bawuti chimathyoka ndi china chodula.

Kulemera ndi nkhani imene sindinaiganizepo n'komwe pogula. Bela yopanda kanthu imayandikira matani awiri, belo la udzu wouma limaonjezera makilogalamu pafupifupi 200, ndipo bela ilibe mabuleki akeake. Thirakitala ya 165 siiposa pamenepo ndi zambiri. Kumunsi kwa munda wanga kuli kotsetsereka kolowera kudambo, ndipo tsiku lina m'mawa, mame asanaume, ndinamva bela ikundikankha matayala akumbuyo akuserereka. Sizinafike poipa, koma kuyambira tsiku limenelo chigawo chimenecho timachikokera udzu kumtunda ndi reki tisanamange, ndipo zopondera ziwiri za mabuleki a thirakitala zimakhala zomangidwa pamodzi. Amene 165 yawo ili ndi Multi-Power, chosinthira liwiro pakati pa high ndi low osaponda klatchi, akumbukire kuti ikakhala pa low injini siigwira thirakitala potsetsereka, imangoyenda yokha. Yanga ilibe zimenezo. Belo nalonso usalitulutse litayang'ana kumunsi, limagubuduzika.

Munda umene unkatchetchedwa ndi zikwakwa sukhala wokonzekera bela. Chaka choyamba mano otolera udzu tinathyola ambiri pa zitsa zobisika, pa tizulu ta chiswe ndi pa mizere yakale ya chimanga imene sinasalazidwe bwino. M'chilimwe tinazula zitsa, tinagumula zulu, tinadutsamo ndi halo, ndipo chaka chino mano othyoka sanakwane ndi asanu omwe. Mzere wa udzu nawo uli ndi luso lake. Ukakhala wokwera kwambiri umakodwa pansi pa thirakitala, pa chokokera. Ukakhala wopyapyala n'kumangoyenda pakati pake, belo limatuluka lotupa pamimba, m'mbali muli mofewa, chingwe n'kumavuka. Umayenera kuyenda mokhotakhota, kanthawi kumanzere kanthawi kumanja, kuti mbali zonse zidye mofanana. Mnyamata wanga anazigwira msanga kuposa ine, ndipo mabelo ake amaima mowongoka ngati migolo.

Nthawi yomangira inandiphunzitsanso kanthu. Timatchetcha kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, udzu ukangoyamba kumasula, mvula itayamba kudukiza. Ukamanga udzu usanaume, belo limatentha m'kati ndi kuchita nkhungu, ndipo limatha kuyaka lokha. Ine ndimapotokola kamtolo m'manja: kakamveka kozizira kapena kusiya chinyezi, tidikire tsiku lina. Koma kuumitsitsa nako kuli ndi vuto lake pa bela ya marola. Mu Juni tinayesa kumanga udzu umene unakhalitsa padzuwa, wofupikafupika ndi woterera, ndipo marola ankangozungulira belo litaima m'kati. Tinausiya mpaka m'mawa wotsatira, kamame kakadalipo pang'ono, ndipo unagwira. Masangwi a mtedza amamangika bwino m'mawa momwemo, masamba asanayambe kuyoyoka. Mapesi a chimanga ndinayesa kamodzi n'kusiya, chifukwa amalimbana kwambiri ndi mano.

Maberingi a marola ndiwo amandisowetsa tulo. Alipo ambiri, awiri pa rola iliyonse, ndipo pa bela ya zaka zimenezi sudziwa kuti yotsatira kufa ndi iti. Tsiku lina mu Epulo chaka chino, tili pa belo la makumi awiri ndi kanthu, ndinamva kafungo ka girisi wopserera. Tinazimitsa, ndipo nditayendetsa dzanja pa zotsekera za maberingi, imodzi yakumunsi kumanja inali yosagwirika. Udzu wopyapyala unali utadzikulunga kuseri kwake, utada kale ngati khofi wokazinga. Tinauchotsa ndi waya, tinathira madzi a m'chigubu, ndipo bela sinayendenso tsiku limenelo. Pakanapita mabelo ena awiri ndikukhulupirira kuti moto ukanabuka, pakati pa munda wodzaza udzu wouma. Tsopano pakatha mabelo khumi aliwonse timaima kugwira maberingi onse, chigubu cha madzi ndi chozimitsira moto sizichoka pa thirakitala, ndipo madzulo bela imasesedwa isanalowe m'shedi. Chotonthoza n'chakuti maberingi ndi matcheni ake ndi a milingo wamba, amapezeka mu Lilongwe ukapita ndi chakalecho m'manja. Zovuta kupeza ndi mano otolera, mipeni yodulira chingwe ndi matayala ake a rimu ya mainchesi 15.3, zimene ndimaitanitsa ku South Africa nyengo isanayambe.

Belo likagwa pansi ntchito sinathe. Makilogalamu 200 sanyamulika pamutu ngati mtolo, ndipo thirakitala yanga ilibe chonyamulira chakutsogolo. Owotcherera zitsulo anandipangira chisonga chomangirira pa manja atatu akumbuyo, ndipo 165 imanyamula belo limodzi bwinobwino bola kutsogolo kukhale zitsulo zolemetsa. Kungoti thirakitala ndi imodzi, ndiye kumanga ndi kututa sizichitika nthawi imodzi. M'shedi timasanja pa mitengo yogoneka, osati pa dothi, apo ayi chiswe chimalowa pansi mwezi usanathe. Ndinkayembekezeranso kuti anzanga a ng'ombe imodzi kapena ziwiri adzagula mabelo ambiri, koma belo lotere silikwera pa njinga. Amene ali ndi ngolo ya ng'ombe amatenga lathunthu, ena timawamasulira n'kuwagulitsa m'mitolo.

Phindu lake ndinaliona mu Okutobala ndi Novembala, miyezi imene kale ng'ombe zanga zinkaoneka nthiti ndipo mkaka unkatsika mpaka kuchita manyazi popita nawo kokagulitsa. Chaka chatha zinadya udzu wobiriwira m'kati, wonunkhira bwino, mpaka mvula inagwa, ndipo ntchito imene inkatenga aganyu milungu itatu inatha masiku anayi, udzu usanawonongeke ndi dzuwa. Mlimi wa mahekitala osapitirira khumi, pamalo athyathyathya, amene ali ndi 165 kapena ina yofanana nayo, ndingamuuze kuti agule bela ya 1.2, koma asapitirire pamenepo kukula kwake, ndipo asungire padera ndalama za klatchi, mavalavu ndi maberingi asanawerengere phindu. Wa minda yotsetsereka kapena wofuna kumangira anthu ena pa ganyu afune thirakitala yolemerapo, yokhala ndi PTO yodziimira payokha, monga zina za MF 290. Ine yanga ndikhala nayo. Mu Ogasiti tikutsitsa marola onse akumunsi kuti tisinthe maberingi amene atsala, ndipo chingwe cha chaka chamawa ndagula kale.