Ayezi, kandulo kapena jekeseni: chophunzitsira zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya

Aphunzitsi anzathu, pa njira zitatuzi ayezi ndiye amaonetsa zonse zitatu pa chinthu chimodzi, koma ndiyenso wovuta kukonzekera. Magetsi akathima usiku, m'mawa mupeza madzi okhaokha, ndipo mu Okutobala ayezi wogula kumsika safika pa piriyodi yachiwiri ngati simunamukulunge m'nyuzipepala kapena kumuika m'fulasiki.

Ikani zidutswa zisanu ndi chimodzi m'poto, ana azikhudze, kenako poto apite pa mbaula, panja osati m'kalasi. Madzi akawira, gwirani chivundikiro chozizira pamwamba pake, madontho aziyenderera. Apa pali misampha iwiri. Chamtambo choyera chimene ana amaloza si mpweya ayi, ndi timadontho ta madzi tomwe tazizira kale. Nthunzi yeniyeni siioneka. Ndi ketulo mungawalozere kampata kosaoneka kanthu pakati pa mlomo wa ketuloyo ndi mtambowo. Msampha wachiwiri ndi thermometer, choyezera kutentha. Buku likuti madzi amawira pa 100°C, koma ngati muli ku Lusaka, thermometer yanu idzaima pafupi ndi 96°C. Sinafe. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya supanikiza kwambiri, choncho madzi amawira msanga.

Mwana wina adzanena kuti kapu ya ayezi ikudontha chifukwa kunja kwanyowa. Thirani madzi a utoto m'kapumo. Madontho akunja adzakhala opanda utoto, umboni woti achokera mumpweya.

Kandulo ndi yotchipa ndipo sidikira firiji. Palani phula lokwana supuni ziwiri m'kachitini, kachitiniko kakhale m'madzi otentha. Phula limasungunuka lisanafike 70°C, ndipo mukalithira pa mbale yozizira limauma ana akuona. Kubwerera mwachanguko ayezi sangakupatseni. Koma za mpweya siphunzitsa kanthu, ndipo ana amasokoneza kusungunuka ndi kupsa. Musaike chitini pamoto mwachindunji. Phula likagwira moto vundikirani, madzi amangolimwaza.

Jekeseni ya 20 ml yopanda singano, yatsopano ya ku famase, osati yotola, ndiyo ya kalasi yodzaza. Palibe moto, gulu lililonse ligwira yakeyake. Kokani mpweya mpaka pa 20, tsekani kukamwa ndi chala, kankhani: mwana wamphamvu afika cha pa 10, ndipo akasiya imabwerera yokha. Dzazani madzi, sisuntha ngakhale pang'ono. Ikasuntha ndiye kuti mwatsala kathovu, choncho ilozetseni kumwamba, muigogode ndi chala, mutulutse mpweyawo. Chofooka chake n'chakuti palibe chimene chikusintha kukhala china.

Ife tikanayamba ndi jekeseni kuti ana akhulupirire kuti mpweya ndi chinthu chotenga malo, ayezi n'kubwera tsiku lachiwiri. Kandulo isungireni tsiku limene firiji yagona osazizira.