Anyamata a ku Ginnery Corner anatisamutsira database ya backup

Ofesi yathu ya zowerengera ndalama ku Limbe imasunga mabuku a makasitomala pa seva imodzi, ndipo usiku uliwonse pulogalamu ya Bareos imakopera mafayilo onse ku madisiki ena, ntchito yomwe amaitcha backup. Ikamakopera imalembanso m'kaundula wake kuti fayilo yakuti ili pa disiki iti ndipo inalowa liti. Kaundulayo akasokonekera, madisiki amakhalapo ndithu, koma kuti mupeze fayilo imodzi mudzatuluka thukuta. Kaundula wathuyo, yemwe ndiye database, anali pa pulogalamu yosungira ma database yotchedwa MySQL, pomwe kuyambira Bareos 21, yomwe inatuluka mu 2021, eni pulogalamuyi anasiya MySQL n'kutsala ndi inzake yotchedwa PostgreSQL yokha. Kusamuka kunali kosapeweka.

Ntchitoyi tinaipereka kwa kakampani ka anyamata awiri ka ku Ginnery Corner. Anabwera Loweruka, mochedwa ndithu, koma funso lawo loyamba linandikhazika mtima pansi: "Mayi, jenereta ili ndi mafuta?" Magetsi kuzima ntchito yotere ili pakati ndiye kuyambiranso. Asanakhudze chilichonse anaimitsa backup ya usiku, n'kukopera database yonse yakale pa disiki ina yomwe anandipatsa kuti nditsekere m'kabati. Anandifotokozeranso kuti chida chosamutsira, bareos-dbcopy, chimafuna kuti munthu akhale akadali pa Bareos 20, ndiye amayamba asamutsa, kukweza pulogalamu pambuyo. Zina zonse zinadutsa msanga, koma mndandanda wa mafayilo unatenga masana onse. Anyamatawo anangokhala phee, maso pa kompyuta, chipisi chawo chikuzizira.

Chomwe ndikuwayamikira kwenikweni chinabwera madzulo. Kompyuta italemba kuti zatheka, ine ndinali nditanyamula kale chikwama. Wamkuluyo anakana. Anati ndisankhe ndekha fayilo iliyonse yakale, aibweze ndikuona. Ndinasankha ya PAYE (msonkho wa pa malipiro) ya kasitomala wina wovuta, yomwe tinaifufuta pa seva kalekale. Inabwera, ndinaitsegula, manambala ali momwemo. Anabwezanso foda yathunthu, kenako anayendetsa backup yatsopano kuti aone ngati ikulembedwa m'kaundula watsopanoyo. MySQL sanaichotse tsiku lomwelo, anati ikhale kaye mpaka mwezi uthe.

Zodandaula zilipo. Pa invoisi panatulukira ndalama ya thiransipoti yomwe sitinagwirizane, chonsecho Ginnery Corner ndi Limbe ndi minibasi imodzi. Foni sayankha msanga, WhatsApp amaiwerenga n'kukhala chete mpaka mawa lake. Pepala la malangizo lomwe anasiya ndi la akatswiri anzawo, mtsikana wathu wa pa risepishoni yemwe amasintha madisiki sangalitsatire. Ndinapempha kuti alilembenso mosavuta, mpaka lero ndikudikira.

Ndingawaitanenso, koma za thiransipoti tidzayamba talemberana.