Smoker ya mgolo ya ku Biwi: nyama ikukoma, koma makala akupita

Chootchera nyama ichi, chomwe ku America amati offset smoker, ndinapangitsa kwa mmisiri wina wowotcherera ku Biwi mu Lilongwe nditamusonyeza chithunzi pafoni. Ndi mgolo wa malita 200 wogoneka chammbali. Kudzanja lamanja kuli kabokosi ka moto kotsikirapo pang'ono, kumanzere kuli chumuni. Nyama sikhudzana ndi moto ayi. Imapsa ndi mpweya wotentha komanso utsi umene umadutsa mumgolomo popita ku chumuni, ndipo kutentha kumayenera kukhala pakati pa madigiri 107 ndi 121 kwa nthawi yaitali. Phewa la nkhumba limatha kudya maola 10 lisanafewe.

Pa ntchito ya manja, mmisiriyu ndamuvulira chipewa. Powotcherera ndi posalala, mgolo anayamba wautentha mkati kuti utoto ndi mafuta akale zipse, ndipo waya woikapo nyama umasololoka bwinobwino. Nkhumba yotuluka m'menemu mumainyotsola ndi zala, mpeni osaufuna.

Vuto ndi chitsulo. Mgolo ndi wopyapyala, mwina milimita imodzi yokha, pomwe anzathu a ku Texas amapangira mapaipi okhuthala mamilimita 6, osunga kutentha. Wangawu sukhalitsa ndi moto. M'mawa wa mu Julaye, mwera ukuwomba kuno ku Area 25, ndikangotsegula chivundikiro kuti ndisuzumire, muvi wa themomita umatsika kuchoka pa 115 kufika cha m'ma 90, ndiye kuti ukwerenso pafunika makala ena. Kabokosi ka motoko anapangiranso lata lomwelo. Utoto unasupuka tsiku loyamba, pansi pake panapindika. Chivundikiro nacho sichinkakhala bwino: pakona ina chala chinkalowa, utsi n'kumathawira pomwepo usanafike pa nyama. Ndi mmene makala akwerera mtengomu, komanso aboma akulanda matumba ochokera ku Dzalanyama, mpata ngati umenewo ndi thumba lobooka.

Ndinabwerera nayo ku Biwi, ndipo bamboyo sanakane ngakhale anandilipiritsanso. Anawotcherera kachitsulo kaphanthi kuzungulira chivundikiro, n'kuikapo zomangira ziwiri zokanikiza. M'kabokosi anaikamo kadengu kawaya kokwera m'mwamba kuti phulusa lizigwera pansi, mpweya uzilowa kunsi kwa makala. Pakamwa polowera moto anatchingapo ndi chitsulo chopendekera, chifukwa nyama ya mbali imeneyo inkapserera ya ku chumuni idakali yaiwisi. Ine ndinangowonjezera njerwa zootcha zingapo pansi pa mgolo. Zimachedwa kutentha, koma zikatentha muvi sugwanso msanga. Thumba lomwe linkatha msangamsanga tsopano likukhalitsako ndithu.

Pa chinthu chimodzi chokha sindigwirizana nawo bambowa. Anandilangiza kuti ndikafuna kusunga makala ndizitseka chumuni. Musayerekeze. Moto ukabanika umatulutsa utsi woyera wa tolotolo, ndipo nyama imawawa mwaye, ana amangoluma kamodzi n'kuisiya. Chumuni izikhala yotsegula yonse. Kutentha muzikuwongolera ndi kukula kwa moto ndi kachitseko kolowera mpweya. Ine ndimayatsa makala ochepa ngati poyambira, kenako pakatha mphindi 30 kapena 45 zilizonse ndimaponyapo chikuni chimodzi chouma cha mango kapena gwafa, chachikulu ngati mkono wanga. Chikuni chotsatira chimadikirira pamwamba pa kabokosiko kuti chitenthe, ndiye chikangolowa chimayaka pompo osafuka. Utsi wabwino ndi wochepa, wabuluu pang'ono, wovuta kuuona dzuwa likawala. Paini ayi, utomoni wake umawononga nyama.

Themomita yomwe anaiboolera pachivundikiro ili m'mwamba kwambiri, kumene kumasonkhana mpweya wotentha, choncho sinena zoona za pawaya pomwe pali nyama. Gulani ya kachingwe, muzilasa nayo nyamayo. Nkhuku ifike 74 mkati, phewa la nkhumba cha m'ma 93. Nkhumbayo ikafika cha m'ma 70 imaima nthawi yaitali osakwera chifukwa madzi ake akuuluka. Apa m'pamene ambiri amakolezera chimoto n'kumaliza thumba pachabe. Ingoikulungani m'foyilo, moto muusiye momwemo.

Wofuna kupangitsa yake auze mmisiri kuti kabokosi ka moto kakhale ka chitsulo chosachepera mamilimita 3, ngakhale mtengo ukwere, ndipo akane malata ofolerera nyumba, chifukwa zinki yake ikatentha imatulutsa utsi wodwalitsa. Afunsenso kuti mgolowo munali chiyani. Wosungira mankhwala musautenge, ngakhale akulonjezeni kuti autentha kawiri.