Kachipangizo koyezera maginito m'nyumba: miyezi 7 ndili nako

Mwana wathu wamkazi anamupeza ndi khansa ya m'magazi ali ndi zaka 4. Adokotala anatifotokozera kuti mtundu umenewu umakonda kugwira ana a zaka za pakati pa 2 ndi 5, ndipo ambiri amachira akalandira mankhwala mpaka kumapeto. Ndinamva zonsezo, koma chimene chinkandisowetsa tulo chinali china: tinalakwitsa pati? Kuseri kwa nyumba yathu kumadutsa mawaya akuluakulu a magetsi. Usiku wina tili m'chipatala, mwana ali pa diripi, ndinawerenga pa foni kuti mawaya oterowo anthu amawakayikira. Kunja kusanache ndinali nditaitanitsa kale kachipangizo koyezera mphamvu ya maginito.

Kali ngati rimoti ya TV, kopepuka, ndipo kamayendera batire limodzi la 9V. Mabatani ndi atatu, pamwamba pali kagalasi koonetsa manambala. Kulimba n'kolimba ndithu, kagwa kawiri pa simenti koma sikanasweke. Chochititsa manyazi ndi kabuku ka malangizo. Timasamba tinayi, zilembo zazing'ono ngati nyerere, ndipo sikanena paliponse kuti pa miyeso iwiri ya mphamvu ya maginito imene kachipangizoka kamaonetsa, microtesla imodzi ndi milligauss (mG) 10. Tsiku loyamba ndinakaika pa pilo wa mwana, kanaonetsa 0.9. Ndinakhala pansi pomwepo, miyendo itazizira, chifukwa nambala yoopsa imene ndinali nayo m'mutu inali 0.4 microtesla. Panapita ola lathunthu ndisanaone timalemba ta mG pakona. Kanali pa milligauss. Pa pilopo panali 0.09 microtesla basi.

Nambala ya 0.4 ili ndi kochokera. Mu 1979 Nancy Wertheimer ndi Ed Leeper anafalitsa zimene anapeza mumzinda wa Denver ku America, zoti ana amene anamwalira ndi khansa ankapezeka kwambiri m'nyumba zoyandikana ndi mawaya onyamula magetsi ambiri. Mu 2000 Anders Ahlbom ndi anzake anasonkhanitsa pamodzi kafukufuku wa m'mayiko angapo, n'kupeza kuti ana okhala m'nyumba za 0.4 microtesla kapena kupitirira ankadwala khansa ya m'magazi pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo. Koma ana okhala m'nyumba zoterozo anali ochepa kwambiri, osakwana mmodzi pa 100 alionse. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pa dziko lonse, mu 2002 linaika maginito amenewa m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Mwina. Poyesa pa nyama sanapeze umboni wogwirika.

Apa ndi pamene opanga kachipangizoka anandikwiyitsa. Nambala ya ofufuzayo ndi ya avereji, yoyezedwa m'nyumba usana ndi usiku kapena kupitirira apo. Opangawo anangoitenga n'kuisandutsa belu. Kakangofika pa 0.4, ngakhale kwa sekondi imodzi, kamalira tswii-tswii, nyale yofiira ikuphethira. Ndiye kamalilira firiji. Kamalilira choumitsira tsitsi, chaja ya laputopu, makina ometera a bambo ake a mwana. Mukabwerera m'mbuyo mita imodzi kamakhala chete ngati kuti sikanalirepo, chifukwa maginito a zipangizo za m'nyumba amatha msangamsanga mukamatalikira. Munthu wa mtima uli m'mwamba ngati mmene ndinalili ine saganiza zimenezo. Sabata yoyamba ndinasuntha firiji katatu. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti malire amene bungwe la ICNIRP, loona za chitetezo cha anthu ku mphamvu zoterezi, linaika mu 2010 kwa anthu wamba pa magetsi a 50 Hz ndi 200 microtesla, ngakhale kuti malirewo amateteza ku zimene maginito amachita m'thupi nthawi yomweyo, osati nkhani ya khansa. M'kabukumo mulibe mawu ngakhale amodzi osiyanitsa manambala awiriwa.

Vuto lina ndi loti kamayeza mbali imodzi yokha. Mukakapendeketsa nambala imasintha, ndiye muyenera kukazunguliza pang'onopang'ono mpaka mutapeza nambala yaikulu. Tilipo tina toyeza mbali zitatu nthawi imodzi, tosunganso zimene tayeza tsiku lonse. Ndikanadziwa ndikanagula kotero.

Komabe ndisakanyoze mopitirira, ntchito imodzi kanaigwira. Ndinagula kope n'kuyamba kulemba m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku 14. Pansi penipeni pa mawaya manambala ankakweradi, makamaka madzulo pamene anthu ambiri ayatsa zinthu. Ndikamayenda kubwerera kunyumba ankatsika ndikuona, ndipo pofika pa khoma la chipinda cha mwana sankadutsa 0.1. Ine ndinali nditayamba kale kukakamira kuti tisamuke, mwana ali pakati pa mankhwala. Kopelo linathetsa mkangano umenewo.

Ndinapita nalo kopelo kwa adokotala, ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Anatsegula masamba awiri, n'kulitseka mwaulemu.

"Mayi, mwagona maola angati sabata ino?"

Sindinayankhe. Anati mwa ana ambiri amene amawaona, palibe chinthu chimodzi chimene angaloze kuti ichi ndicho chinayambitsa, ndipo pafupifupi mwana mmodzi pa 10 amakhala kuti anabadwa ndi chibadwa chomuika pa chiopsezo. Kenako anandifunsa ngati ndinajambulidwapo X-ray ya pamimba ndili woyembekezera. Ndinati ayi. Funso limenelo linandipweteka mwa njira ina, chifukwa pa bokosi la kachipangizo kanga analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti kamayeza radiation, kutanthauza cheza. Cheza cha X-ray ndi chinthu china kotheratu, ndipo kachipangizoka sikachimva n'komwe. Chonsecho ndicho chili ndi umboni wamphamvu. Alice Stewart wa ku Oxford anasonyeza mu 1956 kuti ana amene amayi awo anajambulidwa X-ray ali ndi pakati ankadwala khansa kuposa ena. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl itachitika mu 1986, ana masauzande anadwala khansa ya chithokomiro, ambiri chifukwa cha ayodini wotulutsa cheza amene analowa mu mkaka. Munthu wogula kachipangizoka chifukwa cha mawu a pa bokosiwo wapusitsidwa.

Sikamvanso tizilombo toyambitsa matenda. Khansa yotupitsa nsagwada imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958 imayenda ndi kachilombo ka Epstein-Barr pamodzi ndi malungo obwerezabwereza. Kumeneko neti yotetezera udzudzu ili ndi nzeru kuposa kagalasi kanga.

Kunyumba ndinayamba kuyang'ana zinthu zimene kachipangizoka kamazidutsa osalira. Chitini cha mankhwala opopera tizilombo pansi pa sinki. Chigubu cha petulo, amene muli benzene, yodziwika bwino kuti imayambitsa khansa ya m'magazi kwa akuluakulu oigwiritsa ntchito. Penti amene ndinapaka ndekha m'chipinda cha mwana ndili ndi pakati pa miyezi 6, mawindo otseka chifukwa kunkazizira. Kafukufuku wambiri amapezadi kuti mankhwala ophera tizilombo m'nyumba ndiponso penti zimatchulidwa kawirikawiri ndi makolo a ana odwala. Chovuta n'chakuti kholo la mwana wodwala limakumbukira chilichonse, pamene la mwana wathanzi linaiwala kalekale, ndipo ofufuza eni ake amavomereza kuti zimenezi zimapotoza zotsatira. Ine ndine umboni wake. Ndingakuuzeni mtundu wa pentiyo ndi tsiku limene ndinapaka. Mchemwali wanga sakumbukira n'komwe ngati anapakapo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachita nacho manyazi. Bambo ake a mwana ankasuta fodya mwanayu asanabadwe, ndipo anasiya tsiku limene tinalandira zotsatira zoti mwana ali ndi khansa. IARC inanena mu 2009 kuti kusuta kwa makolo kumayambitsa khansa ina ya chiwindi mwa ana, yosowa kwambiri, pamene pa khansa ya m'magazi umboni ndi wochepa. Madzulo ena, ndikuyesa kuseka, ndinawalozetsa kachipangizoka pachifuwa n'kunena kuti, "Tiyeni tione inuyo." Kanaonetsa 0.0. Iwo sanaseke. Anadzuka n'kukakhala panja mpaka mdima, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti miyezi yonseyi, ine ndikuthamangitsana ndi firiji, iwo ankadziweruza okha mwakachetechete.

Ngati khoma la chipinda chogona cha ana anu lagundana ndi thiransifoma kapena muli pansi penipeni pa mawaya akuluakulu, kuyeza n'kwanzeru, koma pezani koyeza mbali zitatu kosunga manambala a tsiku lonse, ndipo muzimitse belu lake. Kubwereka kungakwanire, chifukwa pakatha masabata awiri mulibenso choyeza. Ngati mukufuna kuti kakuuzeni chimene chinadwalitsa mwana wanu, sungani ndalama zanu. Pa nyenyezi 5 ndikukapatsa 2.

Kanga kali m'bokosi la zoseweretsa. Mwana akabwera kolandira mankhwala, masiku amene ali ndi timphamvu, amakatenga n'kumazungulira nako m'khitchini kusaka malo amene kalire. Amati akusaka mizukwa. Batire likutha tsopano, ndipo dzulo anandifunsa ngati ndigule lina.