TrevorSpace yamuthandiza mng'ono wanga, koma si mankhwala a zonse

Mng'ono wanga ali ndi zaka 16 ndipo chaka chatha anangoyamba kudwala mutu m'mawa uliwonse wopita kusukulu, Loweruka ali bwinobwino. Tinadziwa mochedwa kuti anzake a m'kalasi amamukuwiza kuti wamathanyula, dzina lake amalilemba pa bolodi, kutoileti anasiyiratu kupita coz nkomwe amamudikirira, ndiye mwana tsiku lonse osamwa madzi kuopa kuti angafune kukodza. Atakadandaula kwa aphunzitsi ena anangomuuza kuti aziyenda ngati mwamuna. Zimandiwawabe.

TrevorSpace anaipeza yekha pa foni, ine nkumupempha kuti ndiione nawo. Ndi malo ochezera pa intaneti a achinyamata a LGBTQ (monga amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, ndi omwe amadzimva mosiyana ndi mmene anabadwira) a zaka 13 mpaka 24, ndi yaulere ndipo amalowa ana a m'mayiko osiyanasiyana. Eni ake ndi The Trevor Project, bungwe la ku America lomwe linayamba mu 1998 pofuna kuteteza ana ngati amenewa kuti asadziphe.

Chomwe ndakonda kwambiri nchoti pali oyang'anira, munthu sangangobwera nkuyamba kutukwana ana ngati mmene zimakhalira pa Facebook. Sukakamizidwa kuonetsa nkhope yako. Mwana wathuyu analemba zakutoileti zija, ena nkumuyankha kuti nawonso zinawachitikira, nkumamuuza mmene anapezera mphunzitsi mmodzi yekha womvetsa. Usiku umenewo anadya, patatha masiku akungotola chakudya ngati mbalame. Webusayiti ya Trevor Project ilinso ndi kanjira kotulukira mwachangu wina akakutulukira kumbuyo, amene anaganiza zimenezi amawadziwadi ana obisala.

Koma dziwani izi musanamuuze mwana wanu. Macheza ambiri ndi a chingerezi, yemwe chimamuvuta atsalira. Komanso alangizi a Trevor Project oyankha usana ndi usiku ndi a omwe ali ku America, ndi ku Mexico kuyambira 2022, ndiye ngati mwana wayamba kunena zodzipha musadalire macheza a pa foni, mupezereni munthu woti akhale naye pompo.

WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inachotsa kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda pa 17 May 1990, mng'ono wanga sakudwala chilichonse. TrevorSpace yamupatsa anzake inde, koma omunyoza aja akadali m'kalasi momwemo, ndiye Lolemba ndikupita ndekha kukakumana ndi ahedi.