Blog kapena webusaiti ya mutu umodzi: iti ingakubweretsereni ndalama muli ku Salima?

Achinyamata ambiri a pa Kamuzu Road ndi ku Senga Bay akamva zoti pa intaneti pali ndalama, amathamangira kutsegula blog yaulere, kuikapo nkhani zisanu, kenako n'kumadikira madola. Miyezi itatu imatha opanda ngakhale tambala. Nthawi zambiri vuto silikhala ulesi. Amakhala atasokoneza zinthu ziwiri zomwe pa foni zimaoneka chimodzimodzi, koma ndalama zake zimadzera njira zosiyana.

Blog imayendera dzina la wolemba. Nkhani zimasanjidwa motsatira masiku, yatsopano pamwamba, ya sabata yatha n'kukwiririka pansi. Anthu amabwera chifukwa mwaponya link pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ndipo amafuna kumva za lero: mtengo wa usipa pa doko, mlatho womwe wakokoloka pa msewu wa M5, zomwe zakambidwa ku khonsolo. Ili ngati malonda a chambo chachiwisi, cha lero chigulidwe lero. Mukangokhala milungu iwiri osalemba, owerenga amabalalika.

Webusaiti ya mutu umodzi ili ngati mpunga wa m'nkhokwe. Tsamba lililonse limayankha funso limodzi lomwe anthu amafunsa Google chaka chonse: kayendedwe kochoka ku Lilongwe kufika ku Senga Bay pa msewu wa M14, malo ogona pafupi ndi malo osungirako nyama zakutchire a Kuti, miyezi yomwe mwera umavuta panyanja, kalowedwe ka m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe African Parks inayamba kuyang'anira mu 2015 n'kusamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Wowerenga sadziwa dzina lanu ndipo alibe nalo ntchito. Akufuna yankho basi. Tsamba lolembedwa bwino limatha kukoka anthu kwa zaka, bola muzilikonza mitengo ikasintha.

Chinthu chomwe ambiri amachizindikira mochedwa ndi chiyankhulo. Google AdSense, yomwe imaika zotsatsa malonda pamasamba n'kumalipira mwini wake, ili ndi mndandanda wa ziyankhulo zomwe imavomereza, ndipo Chichewa sichili pa mndandandawo. Mutha kulemba nkhani 200 zokoma m'Chichewa, koma mukapempha AdSense adzakukanani. Choncho musanagule chilichonse, dziwani kaye amene mukumulembera. Ngati ndi mayi wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu ndi mnyamata wa kabaza, mulemba Chichewa, ndipo ndalama zanu sizichokera kwa Google. Ngati ndi mlendo wa ku London amene akukonza ulendo wa kunyanja, mulemba Chingerezi, ndipo AdSense ndi yotheka.

Tiyambe ndi njira ya madolayo, popeza ndi imene imakopa anthu. Muyenera kukhala ndi zaka 18. Webusaiti ikhale ndi masamba onena za inu, a momwe anthu angakupezereni, ndi a momwe mumasungira chinsinsi cha owerenga. Nkhani zikhale zanu. Kukopera za m'manyuzipepala n'kusintha mawu awiri atatu ndi chomwe chimakanitsa ambiri, chifukwa Google inaziona kale kwa eni ake. Mukavomerezedwa, ndalama zikafika $10 amakutumizirani nambala yachinsinsi ya manambala 6 kudzera ku positi ofesi, kuti atsimikize keyala yanu. Apa m'pamene anthu a kwathu kuno amakodwa: amalemba dzina la mudzi ndi T/A, kalata n'kusowa kofikira. Lembani bokosi la positi lomwe wina amalitsegula kawirikawiri, ngakhale la tchalitchi, mzikiti kapena sukulu ngati akuvomerani. Kalatayo imatenga milungu ingapo, ndipo mukapanda kulowetsa nambalayo m'miyezi inayi zotsatsa zimaima.

Malipiro amatuluka ndalama zikakwana $100, pakati pa 21 ndi 26 mwezi wotsatira. Zikapanda kukwana zimangosungidwa mpaka zidzakwane. Tiyerekeze kuti masamba anu akatsegulidwa ka 1,000 mumapeza $1. Ndiye kuti pafunika kutsegulidwa ka 100,000 kuti mulandire koyamba. Akakhala owerenga a ku Ulaya kapena ku America, kutsegulidwa ka 1,000 komweko kumalipira zochuluka, chifukwa amalonda akumeneko amalipira zambiri polimbirana malo otsatsira. N'chifukwa chake webusaiti yaing'ono yonena za maulendo a kunyanja imatha kuposa blog ya nkhani za m'boma yokhala ndi owerenga ochuluka kuwirikiza kakhumi.

Chenjezo limodzi, ndipo ndikulinena motsindika: musadine zotsatsa zanu, musauze abale ndi anzanu a pagulu la WhatsApp kuti azidina. Google imaona kuti kudinako kukuchokera m'mafoni omwewo, dera lomwelo, ndipo ikatseka akaunti, ndalama zomwe zinaunjikana zimatha kupita nayo limodzi. Kutsegula ina m'dzina lomwelo n'kovuta kwambiri.

Webusaiti ya mutu umodzi ili ndi khomo linanso: kulandira kangachepe mukatumiza wogula kwa wamalonda. Booking.com ili ndi dongosolo lotere la malo ogona. Amazon nayo ili nalo, koma imatseka akaunti ngati simunagulitse zinthu zitatu m'masiku 180 oyamba, ndiye musalembetse owerenga asanayambe kubwera. Musanalowe m'dongosolo lililonse, werengani kaye njira zomwe amalipirira anthu a ku Malawi. Ndalama zomwe zikuoneka pa sikirini koma sizingafike ku banki yanu sizigula ufa.

Nanga blog ya Chichewa idya kuti? Idya pafupi. Mwini loji ku Senga Bay, wogulitsa zipangizo za sola, sitolo ya mbewu ndi feteleza, sukulu yoyendetsa galimoto, onsewa amafuna anthu a kuno omwe inu muli nawo. Mumagwirizana mtengo wa pamwezi, mumaika chithunzi chawo pamwamba pa tsamba kapena kulemba nkhani yofotokoza malonda awo, iwo n'kukulipirani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba tsiku lomwelo. Palibe kudikira $100, palibe kalata ya ku positi. Koma wamalonda wa pa boma sakhulupirira mawu okha. Mutsegulireni foni aone yekha chiwerengero cha owerenga a mwezi watha, ndi kuti angati anali ku Malawi. Blogger, malo otsegulirapo blog pa intaneti, imaonetsa ziwerengerozi kwaulere. Ndipo nkhani yolipiridwa muzilemba poyera kuti ndi yotsatsa malonda. Ku Salima anthu amadziwana, mukayamikira loji ya nsikidzi chifukwa cha K20,000, mawa lomwe mbiri yanu yatha pa msika ponse.

Kuipa kwake n'kwakuti ndalamazi ndi makwacha, ndipo zimadalira miyendo yanu. Muyenera kuyendera amalonda, kukumbutsa ochedwa kulipira, ndi kulemba kosalekeza. Mukadwala mwezi umodzi, nazonso zimadwala.

Pa zolowa m'thumba, blog ndi yopepuka. Blogger ndi ya Google ndipo ndi yaulere, mutha kulemba ndi foni yokha, ndipo simulipira hosting, yomwe ndi lendi ya malo osungira webusaiti pa intaneti. Mukafuna dzina lanulanu la .com, lomwe amati domain, ndi pakati pa $10 ndi $15 pachaka, ndipo limalumikizika ku Blogger popanda kulipiranso. WordPress.com, malo enanso otsegulirapo blog, ikakhala yaulere ndi yabwino pophunzirira, koma sikulolani kuika AdSense. Webusaiti ya mutu umodzi imayenda bwino pa WordPress yoika nokha, chifukwa imakulolani kusanja masamba m'magulu ndi kuikamo mapulagini (timapulogalamu towonjezera) monga Yoast SEO kapena Rank Math othandiza kuti masamba anu azipezeka pa Google, komanso UpdraftPlus yosungira kope ya zonse. Apa mulipira domain ndi hosting, ndipo makampani akunja amafuna madola kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard. Aliyense akudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, hosting yomweyo inakwera mtengo usiku umodzi. Onetsetsaninso mtengo wa chaka chachiwiri, chifukwa wa chaka choyamba umakhala wokopera chabe. Mawebusaiti ambiri amafa pa mwezi wa 13: khadi lakana, domain yatha, ndipo pakapita nthawi wina n'kuigula. Lipirani kudakali mwezi wathunthu, kapena pezani kampani ya m'dziko momwe muno yolandira makwacha.

Zithunzi zimapha mitundu yonse iwiri. Chithunzi chochokera m'kamera ya foni chimalemera 3 MB kapena kuposa. Mukaika zisanu pa tsamba limodzi, munthu wa ku Chipoka wokhala ndi bandulo ya tsiku limodzi amatseka lisanatseguke. Chepetsani chilichonse chifike pansi pa 150 KB, m'lifupi mapikiselo 1,200, musanachikweze. Lembani nkhani m'foni kapena pa kompyuta popanda intaneti, muziyatsa data pokweza pokha, kuti magetsi kapena netiweki ikachoka ntchito isatayike.

Webusaiti ya mutu umodzi imafuna kuleza mtima komwe ambiri alibe. Mukalemba masamba 30 abwino n'kulembetsa ku Google Search Console, yomwe imaonetsa momwe masamba anu akupezekera pa Google ndipo nayonso ndi yaulere, pamatha miyezi 6 kapena chaka anthu asanayambe kubwera mooneka. Ndipo moyo wake uli m'manja mwa Google. Mu Seputembala 2023 ndi Malichi 2024 Google inasintha kasanjidwe ka zotsatira, mawebusaiti ambiri ang'onoang'ono n'kutaya owerenga, makamaka odzaza ndi nkhani zongotolatola. Kuyambira mu 2024 Google imayankhanso yokha mafunso ena pamwamba pa tsamba, munthu osadina kalikonse. Chomwe chingakutetezeni ndi chimene wolemba wa ku Johannesburg sangachipeze: mtengo wa matola kuchoka pa boma kupita ku Senga Bay mwezi uno, chithunzi chanu cha msewu wolowera ku Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota, nthawi ya dzinja, miyezi yomwe chilumba cha Mbenji chimatsekedwa kwa asodzi. Za likodzo ndi malungo, zomwe alendo amafunsa kwambiri, lembani zochepa ndipo muwalozere kwa achipatala.

Kwa amene ali ndi foni yokha, wodziwika kale m'dera, wolemba Chichewa chokoma, ine ndingati ayambe ndi Blogger ndi amalonda atatu a pa boma. Kwa amene ali ndi Chingerezi chabwino, kompyuta, khadi lolipirira kunja ndi ntchito ina yomudyetsa chaka chonse, webusaiti ya maulendo a kunyanja kapena ya nkhalango ya Nkhotakota ndiyo ili ndi phindu lokhalitsa. Mukafuna zonse ziwiri, musaziike pa domain imodzi, chifukwa nkhani za Chichewa zikachuluka kuposa za Chingerezi, pempho lanu la AdSense likhoza kukanidwa.