Simbi yamagetsi yopanda nthunzi: imasita bwino koma siizima yokha

Amene mumasita zovala zambiri kuno ku Harare, musakopeke msanga ndi ayironi zokongola zotulutsa nthunzi zija. Ine ndine telala ku Mufakose, ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi mabulauzi oyera a amayi a CCAP, ndipo yomwe yakhalitsa patebulo panga ndi simbi yamagetsi wamba ya mawatsi 1000, yopanda pothira madzi. Ndinaigula m'tauni, mtengo wake sunafike madola 20 a ku America.

Ndimaikondera kulemera. Msoko wa kaki umagona ndikangoidinikiza kamodzi. Madzi ndimawaza ndekha ndi kabotolo, ndipo thalauza lakuda ndimaliyalira kansalu konyowa pamwamba kuti lisatuluke lonyezimira. Ambirife tikudalira madzi a pamjigo, amene amatseka timabowo ta ayironi ya nthunzi, kenako tsiku lina imalavulira zadzimbiri pa bulauzi ya eni ake mawa lake lili Lamulungu. Iyi ilibe polavulira. Kumphuno n'kosongoka bwino, imalowa pakati pa mabatani, kungoti pansi pake pamakalika mukamaiyendetsa pa zipi.

Kagudumu kosinthira moto kali ndi timadontho tofanana ndi tomwe mumaona pa kansalu ka m'khosi mwa malaya. Kamodzi ndi madigiri 110, a nayiloni ndi zina zosachedwa kupsa. Tiwiri ndi 150, a poliyesitala ndi zaubweya. Titatu ndi 200, a nsalu za thonje monga zitenje. Muziyamba ndi zofuna moto wochepa, poti simbi yolemera imachedwa kupola. Moto ukakwana imamveka kuti "the!", kanyali kofiira n'kuzima, ndiye ola lathunthu silimaliza yunitsi imodzi pa mita ya ZESA, kampani yathu ya magetsi. Koma invetala yaing'ono ya sola musaiyese nayo, ingolira.

Tsono apa mumvetse, abale anga. Kuzima kwa kanyaliko si kuzima kwa simbi. Ikangopola pang'ono imayakanso, ndipo ichita zimenezo mpaka wina aizule pakhoma. Kwina kumene magetsi sathimathima mwina si nkhani, koma kwathu kuno madzi akachepa ku Kariba, damu lopangira magetsi, magetsiwo amapita kusanache n'kudzabwera usiku anthu atagona. Mayi wina woyandikana nane magetsi anamuthera akusita, anaisiya chogona pabulangete n'kupita kukakoleza makala. Pakati pa usiku anadzutsidwa ndi utsi, bulangete litabooka, tebulo layamba kunyeka. Magetsi akathima, chinthu choyamba n'kuzula pulagi, kenako kuimika simbi chakuchidendene, pamene mwana sangafikire.

Pulagi muiyang'ane musanapereke ndalama. Yanga ndi ya mano atatu amakona, ili ndi fyuzi m'kati, ndipo imalowa m'soketi zathu popanda adaputala. M'mashopu mwadzaza za mano awiri, zimene anthu amazikakamiza m'soketi ndi kamtengo ka machesi. Chinthu chachitsulo chogwira ndi manja onyowa chimafuna waya wachitatu uja, wobiriwira ndi chikasu, kuti waya wina akatayirira m'kati magetsi athawire pansi, osati kukugwirani nyesi. Chingwe cha simbi yangayi n'chokutidwa ndi ulusi, sichisungunuka chikakhudza pang'ono chitsulo chamoto, koma anachiumira, n'chachifupi zedi. Ndinachita kusunthira tebulo kukhoma chifukwa maekisitenshoni otchipa amatentha akanyamula simbi. Musamachikulunge pa simbi isanapole, ndipo ulusi ukayamba kunyotsoka pafupi ndi chigwiriro, pitani nayo kwa okonza asinthe chingwe chonse, osamata tepi.

M'dzinja ndiye ntchito ya simbi imakula. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanika panja, makamaka zapamthunzi kapena zogwera pansi, ndipo timphutsi timalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Moto wa simbi umapha mazirawo. Matewera, makabudula a ana, mapilo ndi matawulo sitani mbali zonse ziwiri, ndipo muzichedwerako m'misoko ndi m'mphepete mwa lasitiki.